Madzi saiwala khwawa: tiwongole mizere yathu mvula isanagwe



Ndiyambe ndi kudziulula. Ine ndimaphunzitsa za ulimi, ndipo mutu wa kukokoloka kwa nthaka ndaulemba pa bolodi kambirimbiri, ndi zojambula zomwe. Koma munda wanga weniweni, wa maekala awiri umene makolo adandisiyira, ndidaulima zaka zambiri mizere italunjika kumunsi. Ndinkaunga mizere potsata malire ndi kanjira ka ngolo, monga ndidaupezera. Chaka china mu Disembala ndidathira feteleza wokulitsa masana, usiku wake kudagwa mvula yamphamvu imene sidathe ngakhale ola limodzi. M'mawa ndidapeza mchenga woyera wokhawokha m'makwawa a pakati pa mizere, pamene matope akuda onse adali atakaunjikana m'dimba la anansi anga kumunsi. Pofika Januwale chimanga changa cha kumtunda chidali chachikasu, chawo chili biriwiri. Tidakumana pa chigayo, iwo n'kundithokoza moseka kuti ndawagulira feteleza chaka chimenecho. Ndidaseka nawo, koma ndidabwerera kunyumba ndi manyazi.

Ndalemba nkhaniyi pofuna kunena chinthu chimodzi. Ife a ku Kasungu timadzinyenga kuti kwathu n'kwa chidikha, choncho kukokoloka kwa nthaka ndi vuto la anthu a m'mapiri. Sizili choncho. Minda yathu yambiri ndi yotsetsereka, ngakhale pang'ono, ndipo chinthu choyamba chimene chingaipulumutse sichigulidwa m'sitolo. Ndi kuyeza mtsetse wa munda n'kuunga mizere yopingasa molondola, mvula isanagwe.

Chidikha chonyenga

Tikamva za kukokoloka kwa nthaka timaganiza za mapiri a ku Dedza, Ntcheu ndi Thyolo, kapena za matope amene adatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tikayang'ana kwathu, maso amafika patali popanda chotchinga, kupatula phiri la Kasungu ndi timapiri tina apo ndi apo. Koma funsani aliyense amene amapalasa njinga atanyamula thumba la chimanga kuchokera kudambo kupita kumsewu. Miyendo yake imadziwa kuti dziko lino si lathyathyathya.

Boma la Kasungu lili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Madzi onse ogwa m'minda yathu amene sanalowe pansi ali pa ulendo wotsika. Amayamba ndi khwawa la mzere, kenako kanjira, kenako dambo, mpaka kukalowa mu Rusa, Bua kapena Dwangwa n'kukathera ku Nkhotakota. Ophunzira a masamu awerengere izi: munda wotsika mamita 2 pa mamita 100 alionse umaoneka wosalala ndi maso, koma ukakhala wautali mamita 200, kumtunda ndi kumunsi kwasiyana mamita 4, kuposa msinkhu wa khoma la kalasi. Minda ya kuno ndi yaitali kuposa ya m'mapiri, maka imene idali maesiteti. Madzi akamayenda mtunda wautali popanda chowaimitsa amachulukirachulukira ndipo amathamanga. Liwiro lawo likawirikiza kawiri, mphamvu yawo imawirikiza kanayi.

Kuchuluka kwa madziwo nakonso sitikuganizira. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Mvula ya mamilimita 30, yonga imene idandichititsa manyazi ija, imathira malita oposa 120,000 pa ekala imodzi, kutanthauza madiramu 600 a malita 200. Funso n'lakuti madiramu 600 amenewo alowa pansi kuti chimanga chidzamwe pa ng'amba ya mu Febuluwale, kapena athawa usiku womwewo atanyamula dothi ndi feteleza.

Chimene tikutaya

Kafukufuku amene bungwe la FAO lidachita mogwirizana ndi boma la Malawi, amene adatuluka mu 2016, adapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya dothi lokwana matani 29 pa hekitala iliyonse pa chaka, tikaphatikiza madera onse. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Kunena zoona, chiwerengerochi chimakwezedwa ndi madera a m'mapiri, ndipo munda wa pachidikha sungataye zofanana ndi munda wa m'phiri. Koma ngakhale titati ife timataya theka lake, kapena gawo limodzi mwa magawo anayi, ndani angalole kuti munthu azitulutsa matumba oposa 100 m'munda mwake chaka ndi chaka iye ali chete?

Timakhala chete chifukwa sitiona. Matani 29 akamwazika pa hekitala yonse ndi dothi lokhuthala mamilimita awiri okha. Palibe amene angazindikire kuti munda wake watsika mamilimita awiri. Timazindikira patapita zaka, pamene mizu ya mitengo yatsala pamtunda, miyala yayamba kumera m'munda, ndipo khasu likutulutsa dothi lofiira la pansi. Pamene dothi la pamwamba lokhuthala sentimita imodzi limatenga zaka zoposa 100 kuti lipangike.

Choipa kwambiri n'chakuti madzi amasankha. Amanyamula dothi losalala ndi zowolerana zopepuka, zimene zimasunga chinyezi ndi chakudya cha mbewu, n'kutisiyira mchenga. Dothi la kuno mwachibadwa ndi lamchengamchenga, n'chifukwa chake fodya amalikonda, choncho kachonde kochepa kamene lili nako kakachoka palibe chotsala. Munda wotere umafuna feteleza wochuluka chaka chilichonse kuti ubereke zomwezo, pa nthawi imene thumba limodzi ladutsa K100,000 ndipo si aliyense amene dzina lake limatuluka pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo. Makolo amene mumavutika ndi fizi, mbali ina ya fizi imeneyo imatsika ndi madzi ofiira amene timawaona akudutsa pa mlatho.

Fodya, amene wamanga nyumba zambiri za malata kuno, amawonjezera vutoli, ndipo tisabisane. Mizere yake ndi yotalikirana kuposa ya chimanga. Timawokera mvula yoyamba ikangogwa, mbande zili zing'onozing'ono, dothi lonse lili pamtetete kwa milungu ingapo pamene mvula ndi yaukali. Timapalira mpaka m'munda mutayera, timabandira, ndipo tikathyola masamba timazula mitengo yake pothana ndi matenda. Palibe chimene chimatsalira chophimba nthaka. Kuwonjezera apo, zigafa, mikangala ndi nkhuni za m'mabalani zatha mitengo imene inkachepetsa mphamvu ya mvula. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima bale, fodya adafika ngakhale m'minda yaing'ono imene ilibe malo okwanira kasinthasintha wa mbewu. Sindikunena kuti tisiye fodya mawa. Ndikunena kuti amene akupita ndi mabelo ku Chinkhoma ndiye woyamba kufunika kusamala dothi limene likumupatsa mabelowo.

Ndipo zotayikazo sizithera pa ife. Dothi lochoka m'minda ya kumtunda kwa damu la Chitete, kumene tauni ya Kasungu imamwa, limakakhala pansi pa damulo n'kuchepetsa malo a madzi. Matope olowa mu Bua amakakwirira timiyala timene nsomba ya mpasa imaikirapo mazira ikakwera kuchokera kunyanja. Mu 2024 tidaona zinthu ziwiri m'nyengo imodzi: kumapeto kwa Febuluwale mtsinje wa Dwangwa udasefukira n'kusamutsa anthu ku Nkhotakota, ndipo mu Malichi boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Kusefukira ndi ng'amba zimaoneka ngati mavuto awiri osiyana, koma m'munda zimakumana pamalo amodzi. Madzi amene athawa mu Disembala ndi omwewo amene mbewu imawasowa mu Febuluwale.

Mizere tili nayo kale

Wina anena kuti, nanga si mizere timaunga chaka chilichonse? Inde, ndipo mbiri yake ndi yowawa. Makolo athu akale ankalima pa matutu. Mizere idabwera ndi boma la atsamunda, ndipo lamulo la zachilengedwe la mu 1946 lidapatsa akuluakulu a zaulimi mphamvu yokakamiza anthu. Wokana ankalipitsidwa, kuzuliridwa mbewu, mwinanso kumangidwa. Anthu adadana nawo malamulo amenewa, amene ankangowatchula kuti malimidwe, ndipo Dr. Kamuzu Banda, mwana wa konkuno ku Kasungu, atabwerera kumudzi mu 1958 adawadzudzula pamisonkhano yake. Pofika nthawi ya ufulu mu 1964 chikakamizo chidali chitatha, koma mizere idatsala, mpaka lero tikuiona ngati mwambo wathu.

Chimene chidatayika panjira ndi cholinga chake. Mzere udapangidwa kuti ukhale kakhoma koimitsa madzi. Ukalunjika kumunsi umasanduka ngalande, ndipo munda wa mizere 100 yolunjika kumunsi uli ndi ngalande 100 zimene mwini wake wakumba ndi thukuta lake. Palinso mizere imene timati ndi yopingasa chifukwa choti tidaiyeza ndi maso. Imeneyi imakhala ndi malo otsika pamene madzi a mzere wonse amasonkhana. Mzere umodzi ukaduka pamenepo, madzi ake amagwera pa wotsatira, nawo n'kuduka, mpaka kumunsi. Chaka chamawa timagalauza n'kuunganso momwemo, madzi n'kudutsanso pomwepo. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Chigwembe chimene lero chikumeza ngolo chidayamba ngati mzere woduka umene wina adaunyozera.

Pa mbiri ya malimidwe tiphunzirepo kuti kukakamiza sikugwira ntchito. Munthu amasamala munda wake akaona yekha phindu lake. N'chifukwa chake ndikufuna kuti ntchitoyi iyambire pamalo pamene aliyense angaone.

Ntchito yake ndi yotani

Choyamba ndi kuyeza. Chipangizo chake, chimene alangizi amachitcha A-felemu chifukwa chimaoneka ngati chilembo cha A, chimapangidwa ndi mitengo iwiri yofanana ya mamita awiri, mtengo wachitatu wopingasa pakati, chingwe ndi mwala. Mangani mitengo iwiriyo pamwamba, miyendo itakanuke, mtengo wachitatu uigwire pakati, ndipo chingwe cha mwala chilendewere kuchokera pamwamba. Imikani chipangizocho pansi, lembani pamene chingwe chadutsa pa mtengo wopingasa, kenako sinthanitsani miyendo pamalo omwewo n'kulembanso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndi pamene chingwe chimaima miyendo yonse ikakhala pa msinkhu wofanana. Mukatero yambirani kumtunda kwa munda. Khomani chikhomo pa mwendo woyamba, sunthani wachiwiri mpaka chingwe chifike pa chizindikiro chapakati, khomani chikhomo china, tembenuzani, n'kumapitirira mpaka kumalire. Mzere wa zikhomo udzakhala wokhotakhota, ndipo mudzadabwa kuti ukupita kumene maso anu sakadaganiza. Khulupirirani mwalawo.

Pa zikhomozo ungani mzere waukulu kuposa mizere wamba. Ameneyu ndiye kalozera, ndipo sagalauzidwa chaka ndi chaka. Pamalo otsetsereka pang'ono akalozera akhoza kutalikirana mamita 15 mpaka 20, ndipo mtsetse ukakula ayandikane. Mizere yonse ya mbewu itsate kalozera, ina kuchokera kwa wa kumtunda, ina kwa wa kumunsi, timizere tatifupi n'kudzaza pakati pamene ikumana. Popeza mukuwongola kale, ndi nthawi yabwino yoika mizere ya chimanga pa masentimita 75, mapando pa masentimita 25, mbewu imodzi paphando, monga alangizi amalimbikitsira.

Kalozera wa dothi lokha sakhalitsa. Mvula ikakhazikika, bzalani udzu wa vetiva motsata kalozerayo, mapando ake motalikirana masentimita 10 mpaka 15 kuti ukadzakula udzagwirane ngati mpanda. Mizu ya vetiva imalowa pansi molunjika mamita awiri kapena kuposa, choncho silimbana kwambiri ndi mbewu yoyandikana nayo, ndipo mtundu umene umagawidwa kwa alimi sufalikira m'munda ngati udzu woipa. Madzi akafika pa mpandawo amachepa liwiro, dothi limatsala kumtunda kwake, ndipo patapita zaka munda umayamba kupanga masitepe wokha. Udzuwo ukadulidwa umafolera khola kapena chigafa ndiponso umaphimbira nazale. Amene ali ndi ng'ombe akhoza kubzala nsenjere pa akalozera ena, podziwa kuti yokhayo imafuna kudulidwa pafupipafupi kuti isaphimbe mbewu.

Kenako pali ngonyeka, timizere topingasa m'khwawa pa mamita awiri kapena atatu alionse, tosalunjikana ndi ta m'khwawa loyandikana, ndipo totsikirapo kuposa mzere weniweni kuti madzi akachuluka adutse pamwamba pake m'malo moswa mzere. Khwawa lililonse limasanduka timabeseni tosunga madzi mpaka atalowa pansi. Pa ng'amba ya milungu iwiri, kusiyana kwa munda wa ngonyeka ndi wopanda kumaoneka ndi maso pa masamba a chimanga masana.

Tisaiwale njira. Zigwembe zambiri kuno zimayambira m'tinjira ta pansi, m'malire a minda, m'njira za ngolo ndi pamene ngalande ya msewu imatayira madzi. Kanjira kodutsa m'munda kakwezedwe kuposa mizere kuti kasakhale mtsinje. Chigwembe chikadali chaching'ono chitchingidwe ndi miyala, zikhomo zolukidwa ndi nthambi, kapena matumba a mchenga, pafupipafupi kuyambira kumtunda, ndipo dothi likaunjikana pabzalidwe vetiva, nsungwi kapena nthochi. Pomaliza, dothi liphimbidwe. Mapesi agonekedwe m'munda m'malo mowatentha, nandolo abzalidwe pakati pa chimanga, mtedza ndi soya zilowe m'kasinthasintha, manyowa abwerere kumunda, ndipo mitengo ya msangu yophukira yokha isiyidwe, poti imayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kusiya mbewu pa dzuwa.

Zodandaula zimene ndimamva

Ndikalankhula izi ndi makolo, mayankho ndimawadziwa, ndipo si opanda nzeru. Loyamba ndi lakuti ntchitoyi ndi yaikulu. N'zoona. Chaka choyamba n'chowawa, chifukwa kusintha kumene mizere yayang'ana n'kolemera kuposa kugalauza yakale, ndipo miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala alimi a fodya amakhala akutunga madzi a nazale m'mawa ndi madzulo. Yankho langa n'lakuti musayambe ndi munda wonse. Yambani ndi akalozera awiri a kumtunda chaka chino, chifukwa madzi owononga kumunsi amachokera kumeneko. Ine munda wanga udanditengera zaka zitatu. Kalozera akamangidwa wamangidwa, pamene feteleza amagulidwa chaka chilichonse.

Lachiwiri ndi lakuti akalozera ndi vetiva zimadya malo. Tiwerengere. Kalozera wotenga mita imodzi pa mamita 20 alionse wadya gawo limodzi mwa magawo 20 a munda. Yerekezani ndi kachigawo ka kumtunda kamene kale kadasiya kubereka, ndi mizere imene imaduka chaka chilichonse.

Lachitatu ndi la alimi a fodya, lakuti fodya sakonda madzi oima. Apa ali ndi mfundo. Pa dothi lamakande la kufupi ndi dambo, kapena mvula ikagwa masiku ambiri motsatizana, ngonyeka zikhoza kulowetsa madzi ochuluka mpaka mbewu kufota. Koma ngonyeka imatsegulidwa ndi khasu kamodzi, n'kutsekedwanso mvula ikadula. Pamalo amene amasunga madzi mwachibadwa, itanani alangizi akuthandizeni kukonza njira ya udzu yotulutsira madzi otsala pang'onopang'ono. Kuopa madzi oima si chifukwa cholunjikitsira mizere kumunsi.

Lachinayi ndi limene ndimaliona lalikulu, ndipo silikambidwa kawirikawiri. Ambiri mwa makolo a pasukulu pano ndi a malonda m'tauni amene amalima minda yobwereka ya chaka chimodzi. Munthu wotere alibe chifukwa chobzalira vetiva m'munda umene chaka chamawa mwini wake adzaupereka kwa wina, mwinanso pa mtengo wokwera chifukwa choti wakonzedwa. Mwini munda naye sasamala, poti sakulimamo. Munda wobwereka ndi umene umafa msanga. Maganizo anga ndi akuti tisinthe kabwerekedwe. Mgwirizano ukhale wa zaka zitatu, ulembedwe pamaso pa a mfumu ndi mboni, ndipo unene kuti wobwereka amanga ndi kusunga akalozera pamene mwini munda sakweza mtengo m'zaka zimenezo. Onse awiri apindula, ndipo munda udzabwezedwa uli wamoyo.

Lachisanu ndi la anansi. Ukhoza kukonza munda wako, koma wa kumtunda akamakutsanulira madzi ake onse, kalozera wako woyamba adzaduka. Ukasunga mapesi, moto wa osaka mbewa kapena ng'ombe za eni zidzawamaliza. Izi sizingathe ndi munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anthu olima mtsetse umodzi, kuyambira pamwamba mpaka kudambo, ayenera kukhala pansi limodzi ndi mfumu yawo, posayang'ana kuti uyu amapemphera kuti kapena adachokera kuti. Madzi sadziwa malire a munda.

Ena adayesa

Ku Zvishavane m'dziko la Zimbabwe, kumene mvula ndi yochepa kuposa kuno, kudali mlimi wina dzina lake Zephaniah Phiri Maseko, mayina omveka ngati a kwathu konkuno. Adachotsedwa ntchito ya njanji m'zaka za m'ma 1960 chifukwa cha ndale, ndipo adatsala ndi kamunda kouma m'munsi mwa mwala waukulu. Adayamba kuima pamvula n'kumaona kumene madzi akupita. Adamanga timakoma ta miyala, adakumba maenje m'ngalande zopingasa kuti madzi azilowa pansi m'malo mongodutsa, mpaka zitsime zake zidasiya kuuma. Pamene ankamwalira mu 2015, alimi ndi akatswiri ochokera m'mayiko ambiri adali atapita kukaphunzira kwa iye, ndipo maenje aja amatchedwa ndi dzina lake. Adayamba ndi maso, khasu ndi kudekha.

Pafupi ndi kwathu, ophunzira nonse mukumudziwa William Kamkwamba wa ku Wimbe. Njala ya 2001 ndi 2002 idamuchotsa ku sekondale chifukwa makolo ake adasowa fizi, ndipo ali ndi zaka 14 adapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola. Timakonda kukumbukira makinawo, koma tikumbukirenso chimene chidamuchotsa m'kalasi: munda udalephera, fizi n'kusowa. Pakati pa munda ndi desiki palibe mtunda wautali. A-felemu ndi yosavuta kwambiri kuposa makina a Kamkwamba, ndipo mwana wa Fomu 1 akhoza kuipanga madzulo amodzi.

Pempho langa

Kwa inu ophunzira, mutu uwu mumaulemba pa mayeso a MANEB ndipo ambiri mumakhoza. Koma kuloweza njira zotetezera nthaka pamene munda wa kwanu ukukokoloka n'chimodzimodzi ndi zimene ndinkachita ine. Ndikupempha kuti teremu ino kalasi iliyonse ipange A-felemu yake, tiyeze munda wa sukulu, timange akalozera, ndipo tisiye kachigawo kamodzi momwe kalili kuti tidzayerekeze zokolola ndi sikelo. Kumunsi kwa zigawo zonse tikumbe maenje ofanana kuti tione dothi limene lidzaunjikanamo mvula ikagwa. Kenako aliyense akayeze kalozera mmodzi kwawo. Mukapita, musakalankhule ngati alangizi. Kapempheni mwaulemu kuti akulolezeni kuyesa pa kachigawo kamodzi.

Kwa inu makolo, mwana akabwera ndi mitengo itatu ndi mwala musamuseke. Mupatseni ngodya ya kumtunda. Ndipo mvula yamphamvu yoyamba ikagwa, musadikire kuti kuche bwino. Valani jombo mupite kumunda madzi akadali kuyenda, muone pamene akulowera, pamene akusonkhana ndi pamene akutulukira. Ulendo umodzi wotere udzakuphunzitsani zambiri kuposa nkhani ino. Alangizi a ku Chulu, Kaluluma, Chamama, Lisasadzi, Santhe ndi Chipala ntchito imeneyi ndi yawo, ndipo n'kosavuta kuti abwere akaitanidwa ndi gulu kusiyana ndi munthu mmodzi.

Kwa inu akuluakulu a komiti, ndili ndi zopempha zitatu. Choyamba, tipatseni kamalo kufupi ndi mjigo kuti tikhazikitse nazale ya vetiva, chifukwa chimene chimalepheretsa ambiri ndi kusowa mbewu ya udzuwu, pamene phata limodzi likagawidwa limabala ambiri. Madzi otayika pamalo opangira wudhu akhoza kuthirira nazaleyo chaka chonse. Chachiwiri, tiganizire za madzi a padenga. Denga la mamita 8 mulifupi ndi 20 mulitali, pa mvula ya mamilimita 800 imene ili pafupi ndi yomwe timalandira pachaka, limatsitsa malita 128,000, ndipo onsewo amagwera pansi n'kuyamba kukumba bwalo ngati palibe magatala, thanki kapena dzenje lowalandira. Chachitatu, inu ndi amene anthu amakukhulupirirani pa mikangano ndi pa mapangano. Thandizani kuti mgwirizano wa zaka zitatu wa minda yobwereka ukhale chizolowezi pakati pathu, ndipo Lachisanu lina anthu akasonkhana mutilole mphindi zochepa tiwaonetse mmene A-felemu imagwirira ntchito.

Munda wanga uja lero uli ndi akalozera asanu. Kumtunda kwa mpanda wa vetiva woyamba dothi laconjikana mpaka ndimachita kukwera ndikamadutsa. Kachigawo ka kumtunda sikadabwerere mwakale, ndipo mwina sikadzabwerera ine ndili moyo, koma kadasiya kuipiraipira, ndipo chimanga chake chimapirira ng'amba masiku angapo kuposa kale. Anansi anga a kumunsi adasiya kundithokoza pa chigayo. Chaka chatha adabwera kudzapempha mbewu ya vetiva, chifukwa nawo ali ndi wina kumunsi kwawo amene wayamba kuwathokoza.

Mvula yatsala pang'ono. Mitengo itatu, chingwe ndi mwala zilipo pakhomo pa aliyense.